Pamene Mitengo Ifiira Mvula Isanagwe

1, 2. (a) Kodi nchiyani chimene chimaoneka pafupi ndi Chitungwiza chakumapeto kwa August? (b) Kodi msasa ndi mtengo wamtundu wanji?

CHAKUMAPETO kwa August, dziko lozungulira Chitungwiza, tauni yaikulu imene ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 25 kummwera kwa Harare, m'Zimbabwe, limaoneka lotopa. Kaŵirikaŵiri mvula yomalizira imakhala itagwa mu April. Udzu umakhala wouma, ndipo kumene moto wolusa wadutsa kumatsala phulusa lakuda. Mphepo ya mweziwo, umene Ashona amautcha Nyamavhuvhu, imaulutsa fumbi m'makwalala a Zengeza, Seke, ndi St Mary's. Ndiyeno, popanda dontho ndi limodzi lomwe la mvula, mitengo imene yatsala pazitunda ndi pakati pa matanthwe imayamba kusintha. Nthambi zimene dzana zinali zopanda kanthu zimavala masamba atsopano, ena ofiira ngati magazi, ena onga mkuwa, ena achikasu. Madzulo dzuŵa likapendeka ndi kuŵalira kuseri kwa masambawo, munthu angaganize kuti chitunda chonse chikuyaka.

2 Mtengo umene umatsogolera m'kusintha kumeneku Ashona amautcha musasa, Angelezi amati msasa, pamene akatswiri a zomera amaudziŵa monga Brachystegia spiciformis. Kwa wolankhula Chicheŵa, dzinalo limakumbutsa msasa wa nthambi ndi udzu umene apaulendo amamanga kuti agonemo, ndipo m'Chishona liwulo lili ndi tanthauzo limenelonso. Mtengowu ngwapachibale ndi mombo, tsamba, ndi mchenga, mitengo yodziŵika bwino m'Malaŵi. Pamodzi imapanga nkhalango za miombo, zimene zimayala pa makilomita pafupifupi 2.7 miliyoni mbali zonse zinayi, kuyambira ku Angola kudzera ku Congo, Zambia, Malaŵi, ndi Tanzania kufikira ku Mozambique ndi Zimbabwe.

3. Kodi mlendo wa kumpoto angalakwitse motani, ndipo pakubuka mafunso otani?

3 Mlendo wochokera ku Canada kapena ku Japan ataona mitengo imeneyi kwa nthaŵi yoyamba angafulumire kunena kuti masamba ake ali pafupi kuyoyoka, pakuti kwawo masamba amafiira pamene akufa. Koma angakhale atalakwa, popeza masamba ameneŵa angobadwa kumene. Kodi mtundu umodzimodziwo ungaoneke motani pa tsamba lokalamba ndi pa tsamba lakhanda? Kodi mtengo umaphuka motani panthaŵi imene dziko lili louma koposa? Ndipo kodi nchifukwa ninji zimenezi zimakhudza mtima wa anthu kwambiri chotero?

Masamba Otsazika a Kumpoto

4, 5. (a) Kodi anthu a kumpoto amaiona motani nyengo ya kuyoyoka kwa masamba? (b) Fotokozani chimene chimachitika mkati mwa tsamba panthaŵiyo.

4 M'maiko ozizira a kumpoto, masamba amasintha mtundu makamaka mu October ndi November. Makamu a anthu amapita ku Vermont, m'United States, kukangoona mapiri ofiira ndi achikasu. Ku Japan mwambo wakale wa kupita kukaonerera masamba ofiira uli ndi dzina lakelake, momijigari, ndipo minda ya akachisi a ku Kyoto imadzaza ndi odzaona. Canada, posankha mbendera yatsopano mu 1965, anaikapo tsamba lofiira la mtengo wa maple.

5 Kodi nchiyani chimachitika mkati mwa tsambalo? Tsamba limabiriŵira chifukwa cha chlorophyll, chinthu chimene chimagwira kuŵala kwa dzuŵa kuti mtengo upange chakudya kuchokera ku madzi ndi mpweya. Pamene masiku afupika ndipo usiku uyamba kuzizira, mtengo umaleka kupanga chlorophyll yatsopano. Umaphwanya imene ilipo ndi kubwezera zinthu zofunika, monga nayitrojeni, m'nthambi ndi m'thunthu, mofanana ndi mwininyumba amene akututa katundu wake m'nyumba imene afuna kuisiya. Kubiriŵira kukachoka, pamaoneka chikasu cha ma carotenoid, amene anali m'tsambamo nthaŵi yonseyo koma ataphimbika. Mtundu wofiira uli ndi chiyambi china. Umachokera ku anthocyanin, imene tsamba limapanga panthaŵiyo kuchokera ku shuga wotsalira, makamaka pamene usana uli wadzuŵa ndipo usiku uli wozizira. Potsirizira pake, m'tsinde mwa kaphesi ka tsambalo mumapangika mzera wa maselo ofooka, ndipo kamphepo kochepa kamalithothola.

6. Kodi nchifukwa ninji chisangalalo cha nyengoyo chimasanganikirana ndi chisoni?

6 Chotero anthu a kumeneko amasangalala ndi mitunduyo akudziŵa chimene chikudza. Pambuyo pa milungu yoŵerengeka nthambi zidzakhala zopanda kanthu, chipale chidzagwa, ndipo usiku udzakhala wautali. Nchifukwa chake olemba ndakatulo a maikowo kwa zaka mazana ambiri ayerekezera nyengoyo ndi ukalamba ndi kutsazikana.

Kufiira kwa Tsamba Lakhanda

7, 8. (a) Kodi msasa umasiyana motani ndi mitengo ya kumpoto? (b) Kodi ofufuza amapereka zifukwa zotani za kufiira kwa masamba anthete?

7 Msasa umachita zinthu mwa dongosolo lina. Masamba ake akale amayoyoka m'nyengo yozizira ndi youma popanda chodabwitsa chilichonse, ndipo anthu ambiri sazindikira nkomwe. Mtengowo umakhala wopanda masamba kwa kanthaŵi kochepa chabe. Ndiyeno kutentha kukayamba, mphukira zimatuluka. Tsamba lililonse lili ndi timasamba tandondomeko tiŵiritiŵiri, kaŵirikaŵiri magulu anayi, ndipo tiŵiri takunsonga ndito taikulu koposa. Poyamba timasambato timakhala tofeŵa, topyapyala, tonyezimira, ndipo timalendeŵera ngati nsalu yonyowa. Chlorophyll imakhala isanachuluke, pamene anthocyanin ilimo yambiri. Aliyense amene ali ndi mtengo wa mango pakhomo anaonapo zofananazo pa nsonga zake zanthete zofiirira, ngakhale kuti mango samachita zimenezo mtengo wonse panthaŵi imodzi, ndipo samadzaza chigwa chonse.

8 Kodi kufiirako kuli ndi ntchito yanji? Ofufuza amatchula zifukwa ziŵiri zazikulu. Choyamba nchakuti anthocyanin imatchinjiriza tsamba lanthete ku dzuŵa. Dera la Harare lili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500 pamwamba pa nyanja yamchere, ndipo mu September kuthambo kumakhala kopanda mitambo. Kuŵala kopambanitsa kukhoza kuwononga mbali za tsamba zopanga chakudya pamene zisanakhwime, chotero mtundu wofiirawo umakhala ngati chitenje chimene mayi amafunditsa khanda lake panjira. Chifukwa chachiŵiri chikukhudza tizilombo todya masamba. Tambiri ta ito sitiona bwino mtundu wofiira, ndipo tsamba lofiira lingaoneke kwa ito kukhala lakuda kapena louma, losayenera kudyedwa. Malongosoledwe aŵiriŵa satsutsana, ndipo mwachionekere onse ali ndi mbali yake.

9. Kodi nchifukwa ninji nkhalango ya misasa imakhala ya mitundu yosiyanasiyana?

9 M'milungu pafupifupi itatu, chlorophyll imachuluka ndipo tsamba limasintha kuchoka pa kufiira, kukhala lamkuwa, kenako lobiriŵira motuŵira, ndipo potsirizira lobiriŵira modera. Komabe mitengo siyambira pamodzi. Wina ungakhale utabiriŵira kale pamene woyandikana nawo ukungophuka kumene, ndipo ngakhale iŵiri yophuka tsiku limodzi ingasiyane mtundu. Munondo, umene Amalaŵi amautcha mchenga, umawonjezera mitundu yake yofatsa. Nchifukwa chake chitunda chimene munthu anaona Lolemba chimakhala chitasintha pofika Loŵeruka.

Kodi Mphamvu Yophukira Umaipeza Kuti?

10, 11. (a) Kodi msasa umakhoza motani kuphuka mvula isanagwe? (b) Kodi umapindulanji, ndipo umadziika pangozi yotani?

10 Mlimi aliyense amadziŵa kuti chimanga chofesedwa m'dothi louma sichimera. Nangano msasa umatha bwanji kutulutsa masamba zikwi zambiri pambuyo pa miyezi inayi kapena isanu yopanda mvula? Mbali yaikulu ya yankho ili pansi pa nthaka. Mizu yake imaloŵa mozama kufikira kumene chinyontho chimatsala, ndipo ina imayanza kutali ndi thunthu. Ndiponso, m'dzinja mtengowo umasunga chakudya m'mizu ndi m'thunthu, ndipo usanataye masamba akale umayamba wachotsamo zofunika. Masamba ofiira a September amapangidwa ndi nkhokwe ya dzinja lapitalo. Mu 2017 ofufuza a pa University of Edinburgh anafalitsa zimene anapeza atapenda zithunzi zojambulidwa ndi masetilaiti. Zinasonyeza kuti kuphuka mvula isanagwe nkofala m'nkhalango za kummwera kwa Afirika, ndi kuti m'miombo kumachitika milungu yambiri mvula isanayambe. Chimene chimadzutsa mtengowo chikuoneka kukhala kuwonjezeka kwa kutentha ndi kutalika kwa usana.

11 Phindu lake nloonekeratu. Pamene mvula yoyamba igwa mu October kapena November, masamba amakhala atakhwima kale, okonzeka kugwira ntchito kuyambira tsiku loyamba, ndiponso atalimba tizilombo ta m'dzinja tisanaswane. Komabe, mtengowo umakhala utawononga nkhokwe yake pa mvula imene isanaoneke. Moto wolusa ukadutsa panthaŵiyi, masamba antheteŵo amapserera, ndipo mtengo umafunikira kuphukanso ndi zotsala zochepa. Masamba atangotuluka, pamabwera timaluŵa tating'ono tosaoneka bwino koma tonunkhira kwambiri, ndipo mtengo wonse umalira ndi njuchi. Zikhokhombe za nyemba zake zikauma zimaphulika ndi phokoso lomveka patali, zikumapotoka ndi kumwaza njere kutali ndi mthunzi wa kholo lake.

Chifukwa Chake Imakhudza Mtima

12. Kodi liwu lakuti pfumvudza limatanthauzanji kwa Ashona?

12 Kukongola kokha sikungafotokoze chikondi chimene anthu a m'Zimbabwe ali nacho pa mtengowu. Maluŵa ambiri ngokongola, koma samakumbukiridwa motero. Chachikulu ndicho nthaŵi imene msasa umafiira. Umachita zimenezo pamene nkhokwe zayamba kupepuka, zitsime zikuphwa, ndipo ng'ombe zikuonda. Ashona ali ndi liwu la masamba atsopano ameneŵa ndi nyengo yake, lakuti pfumvudza. Kwa mlimi, iwo ndiwo chizindikiro chakuti nthaŵi yosula makasu ndi kusosa m'munda yakwana. Liwulo nlamphamvu kwambiri kwakuti njira ya kulima kagawo kakang'ono m'mayenje ophimbidwa ndi mapesi inapatsidwa dzina lakuti Pfumvudza, ndipo mu 2020 boma linaifalitsa m'dziko lonselo.

13, 14. Kodi mitengo imeneyi ingakhudze motani awo amene ali kutali ndi kwawo?

13 Pali ena amene mitengoyi imawakhudza mwanjira ina. Kuyambira kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900, amuna zikwizikwi a ku Nyasaland anayenda pansi kudzera ku Tete, kuwoloka Zambezi, kukafuna ntchito m'mafamu, m'migodi, ndi m'nyumba za azungu a ku Southern Rhodesia. Ambiri sanabwerere, ndipo kumudzi ankatchedwa matchona. Ana ndi adzukulu awo ali m'matauni a Zimbabwe kufikira lero, ndi ku Chitungwiza komwe. Chinenero chinali chachilendo kwa apaulendo amenewo, malamulo anali ouma, koma nkhalango inali yodziŵika. Mitengo imene inafiira pa zitunda za Salisbury inali yamtundu umene anausiya ukufiira ku Dedza, ku Kasungu, ndi m'mapiri a Dzalanyama.

14 Talingalirani agogo obadwira ku Dedza amene akhala ku St Mary's kwa zaka 60, ndipo abale awo onse a kumudzi anatha. Mdzukulu wawo, wolankhula Chishona, akuwaperekeza pabasi yopita ku Harare. Atawoloka mtsinje wa Manyame, agogowo aona kagulu ka misasa yofiira patali ndi msewu, ndipo akhala chete. Mwanayo akuona mitengo yokongola basi. Agogowo akuona njira ya kudambo, amayi awo atasenza mtolo wa nkhuni womangidwa ndi luzi, ndi utsi wa m'minda yososedwa. Zofananazo zimachitikira Azimbabwe ambiri amene tsopano akukhala ku Britain. Mitengo ya kumeneko ikafiira mu October, imawakumbutsa September wa kwawo, ngakhale kuti chotsatira chake kumeneko ndi chisanu m'malo mwa mvula.

Mitengo Ikucheperachepera

15, 16. (a) Kodi nchiyani chachititsa misasa kuchepa pafupi ndi Chitungwiza? (b) Kodi nchifukwa ninji sikuli koyenera kuimba mlandu aliyense mofanana?

15 Chitungwiza inapangidwa mu 1978 mwa kuphatikiza Seke, Zengeza, ndi St Mary's, ndipo pa kalembera wa 2022 inali ndi anthu oposa 370,000. Nyumba zafalikira kumene kale kunali thengo, ndipo mabanja onsewo afunikira kuphika. Mu 2019, pamene madzi anachepa m'damu la Kariba, magetsi ankazima kwa maola ofika 18 patsiku m'madera ambiri, ndipo malonda a nkhuni anakula. Mwatsoka, msasa ndi munondo ndizo nkhuni zimene ogula amafuna, popeza zimayaka motentha ndi kusiya makala okhalitsa. Kumidzi, alimi ambiri a fodya amaumitsa fodya wawo m'mabalani osonkhezeredwa ndi mitengo imodzimodziyo. Bungwe la Forestry Commission lakhala likunena kuti Zimbabwe amataya mahekitala a nkhalango oposa 260,000 chaka chilichonse. Malaŵi ali ndi vuto lofananalo. Mu 2015 boma linatumiza asilikali kukalonda nkhalango ya Dzalanyama, kumene kumachokera madzi a mzinda wa Lilongwe, chifukwa cha owotcha makala.

16 Kungakhale kupanda chifundo kudzudzula mayi amene wagula kamtolo ka nkhuni kuti ana ake asagone ndi njala usiku wopanda magetsi. Iye alibe pothaŵira. Nkhani njosiyana ndi ya munthu amene amagwetsa chitunda chonse usiku ndi makina ocheka, kudzaza lole, ndi kusiya moto m'mbuyo mwake. Woteroyo amatenga m'mlungu umodzi chimene chinakula kwa zaka makumi ambiri.

17. Kodi nchiyaninso chimatayika pamodzi ndi misasa, ndipo kodi mitengo yachilendo ingaloŵe m'malo mwake?

17 Ndipo chotayika sichili mitundu ya September yokha. Mizu ya mitengo ya miombo imakhala mogwirizana ndi mitundu ina ya bowa, imene imaithandiza kuyamwa chakudya m'dothi losauka. Bowa wotchuka umene Ashona amautcha nhedzi, ndelema kwa Amalaŵi, umamera kokha kumene kuli mitengo yotere. Mitengoyo ikatha, bowawo umathanso, limodzi ndi uchi, luzi, ndi mbozi zodyedwa. Anthu ena amati palibe kanthu, popeza bulugamu amakula msanga ndipo jakaranda, wochokera ku South America, amakongoletsa misewu ya Harare ndi maluŵa ake mu October. Mitengo imeneyo ili ndi ntchito yake, ndipo bulugamu wodzalidwa kaamba ka mabalani a fodya angapulumutse misasa yambiri. Koma nkhalango ya bulugamu imaoneka chimodzimodzi chaka chonse, ndipo mlimi sangaŵerengerepo nyengo. Lerolino wokhala ku Chitungwiza amene afuna kuyenda pansi pa misasa yambiri yaikulu angafunikire kukwera basi kupita kumalo otetezeredwa onga Mukuvisi Woodlands, nkhalango ya mahekitala oposa 250 mkati mwa Harare.

Chitsa Chimene Sichinafe

18. Kodi nchifukwa ninji kudzala misasa kumafuna kuleza mtima?

18 Kodi misasa ingabwezeretsedwe? Chiyambire 1980, Zimbabwe amakhala ndi tsiku lodzala mitengo pa Loŵeruka loyamba la December, ndipo mu August 2022 maiko a m'chigawochi anasaina chikalata ku Maputo cholonjeza kusamalira nkhalango za miombo. Komabe msasa ngwovuta kudzala. Kambande kake kamathera zaka zake zoyambirira kakukulitsa muzu. Chaka ndi chaka kamtengo kapamwamba kangaume ndi chilimwe kapena kupsa ndi moto, nkuphukanso, pamene muzu ukukula mobisika. Zingapite zaka zambiri kasanayambe kutalika. Munthu wosadziŵa angakazule akumaganiza kuti kakana.

19. Kodi kuyesa kumene kunachitika ku Ndola kunasonyezanji ponena za moto?

19 Pali njira ina yofulumirapo. Msasa ukadulidwa, kaŵirikaŵiri sumafa. Chitsa chake chimatulutsa mphukira zambiri, ndipo popeza zili ndi mizu ya mtengo waukulu, zimakula mofulumira kuposa mbande. Mdani wake wamkulu ndi moto. Mu 1933, pafupi ndi Ndola m'Zambia, akatswiri a nkhalango anapatula zigawo za miombo kuti ayese zimenezi. Zina anaziwotcha chaka chilichonse kuchiyambi kwa nyengo youma, udzu udakali ndi chinyontho. Zina anaziwotcha mochedwa, kutatentha, ndipo zina sanaziwotche konse. Patapita zaka zambiri, zigawo zowotchedwa mochedwa zinali zitataya mitengo yake yambiri ya miombo, pamene zowotchedwa msanga ndi zosawotchedwa zinali zidakali nkhalango. Moto wa September ndi October, umene anyamata osaka mbeŵa amayatsa mosalingalira, umafika panthaŵi yeniyeniyo imene masamba ali anthete.

20. Kodi mwinimunda kapena mwinipuloti angachitenji ndi chitsa chimene chaphuka?

20 Chotero m'mphepete mwa minda ya ku Seke, ndi m'malo ena ambiri kumene nkhwangwa inadutsa, mu September muli zitsa zozingidwa ndi mphukira zofiira zofika m'mawondo. Mwinimalo amene afuna mtengo angasankhe mphukira imodzi kapena ziŵiri zowongoka ndi zolimba, ndi kudula zinazo kuti mphamvu ya mizu isagaŵanike. Angalambule udzu mozungulira chitsacho nyengo ya moto isanafike, ndi kuchitchinga ndi minga kuti mbuzi zisadye nsonga. Ayenera kuchita zimenezo chaka ndi chaka kufikira nthambi zitakwera pamwamba poti mbuzi ndi malaŵi a udzu sizingafike.